Lamulungu Langa Linali Lachiwiri

Tadala ndi Yamikani, ana anga, mutu uno ndaulemba chifukwa cha funso limene Yamikani anandifunsa tsiku lina akuvundukula buku la zithunzi la amayi anu. Anati, "Adadi, bwanji pa zithunzi za maukwati a abale athu onsewa inu simukuonekapo? Kapena ndinu munkajambula?" Ndinaseka, koma funsolo linandikhala pamtima. Sindinkajambula ayi. Ndinali pamwamba pa phiri, nditanyamula thireyi.

Chaka chimene ndinakwera phiri

Ntchito yanga yoyamba, imenenso inali yomaliza, ndinaipeza pa hotela ina pamwamba pa phiri la Zomba ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anandilemba ngati wetala, woperekera alendo chakudya. Mkulu wa mawetala anali a Kapito, bambo wamfupi wa ku Mulanje, amene kolala ya malaya awo inkauma ngati chikatoni. Tsiku loyamba sanandifunse za sukulu. Anandiyang'ana zikhadabo, kenako anati, "Iwe mnyamata, umapemphera?"

"Eya bwana, ndimayimba besi m'kwaya."

"Mpira?"

"Ndimaukonda kwambiri."

"Chibwenzi chilipo?"

Ndinayang'ana pansi. Iwo anati, "Zonsezo uzisiye pageti. Kuno Loweruka ndi Lamulungu ndiye masiku okolola. Anzako akamapuma, iwe ndi pamene uziyamba thukuta. Tsiku lako lopuma ndi Lachiwiri. Ukalikana, kunjaku kuli anyamata asanu akulifuna."

Ndinalilandira ndi manja awiri, ndipo sindinganame, ntchitoyo ndinaikonda. M'mawa ndinkakwera wapansi pa kanjira kodutsa m'mitengo ya paini, nthawi yozizira chifunga chitatseka moti ukatambasula mkono zala zako osaziona bwino. Lachisanu masana magalimoto a ku Blantyre ndi Lilongwe ankayamba kufika, ena ndi ana, ena ndi anthu amene sitinkayenera kuwafunsa kuti ndi ndani. Pofika Loweruka pakhonde pankakhala podzaza, ife kuthamanga ndi mbale uku tikuthamangitsa anyani amene ankabera alendo shuga patebulo. Pa ntchito imeneyi ndinalibe mnzanga, ndipo izi ndikunena mosadzichepetsa. Mphatso yanga inali maso. Mlendo akabwera kamodzi, ngakhale patapita zaka zitatu, ndinkamulandira ndi dzina lake, n'kumukhazika pa tebulo lomwe lija, n'kumubweretsera tiyi wopanda mkaka asanatsegule pakamwa. A Kapito, amene kuyamikira munthu kunkawavuta ngati kumeza kwinini, tsiku lina anauza manijala ine ndikumva kuti, "Uyu saiwala nkhope." Mawu amenewa muwasunge, muwafuna kutsogoloku.

Zaka za ku Chinamwali

Nditakwatira amayi anu tinakhala ku Chinamwali, kumene inu nonse munabadwira. Ndi kumene ndinadziwira kuti Lachiwiri ndi tsiku lotani. Ndinkadzuka mochedwa, kusamba bwinobwino, kuvala malaya anga abwino, n'kutuluka panja. Kunja zii! Inu muli kusukulu, amayi anu kumsika ndi tomato wawo, anzanga onse kuntchito. Munthu watchena, koma kopita kulibe. Amene anandipulumutsa anali Che Wadi, telala wa pakhonde la golosale pafupi ndi msewu, amene anali ndi bawo pansi pa makina ake. Iwo ankatseka Lachisanu masana kupita kumzikiti, ndiye ankandiseka kuti, "Achimwene, ine langa Lachisanu, anzanu Lamulungu, a Sabata Loweruka. Nanga inu a mpingo wa Lachiwiri, abusa anu ndani?" Ndinkawayankha kuti abusa ndi a Kapito, ndipo nthawi zambiri ndinkawadya pa bawopo.

Zinthu zinkachoka m'manja mwanga chimodzichimodzi, mosapanga phokoso. Kwaya inandidikira miyezi ingapo, kenako inapeza besi wina. Anzanga a mpira poyamba ankadutsira pakhomo Loweruka kudzanditenga, kenako ankangofuula ali pamsewu, kenako anasiya. Makadi a ukwati ankabwera olembedwa mayina athu tonse awiri, koma patapita zaka anayamba kulemba la amayi anu lokha. Sizinali nkhanza. Munthu ukamuitana kasanu osabwera, kachisanu ndi chimodzi umangodziwa. Amayi anu ankapita okha ku maukwati, ku zinkhoswe, kokavumbulutsa ziliza, ndi ku msonkhano wa makolo kusukulu. Mpaka bambo wina wa ku Chikamveka, poona kuti mayi ameneyu nthawi zonse amakhala yekha pa zochitika, anaganiza kuti ndi wamasiye, n'kutuma munthu kudzafufuza. Amayi anu anandifotokozera akuseka mpaka misozi. Ine ndinaseka nawo, koma mano okha.

Panali zaka zovuta kuntchito. Nthawi ina mafuta a galimoto anasowa m'dziko, alendo n'kuchepa, ife kumangopukuta matambula oyera kale. Nthawi ina shuga anasowa moti tinkamuyeza ndi kasupuni mlendo akuona. Koma ngakhale pamene pakhonde panali mipando yokhayokha, Loweruka palibe amene ankaloledwa kutsika. Linali lamulo, ndipo ine ndinali woyamba kuliteteza. Ndinkati banja likudya, ana ali pasukulu, nanga chasowa n'chiyani?

Chaka cha chinkhoswe cha Esinala

Azakhali anu a Agnesi, mchemwali wanga wa ku Matawale, amuna awo anamwalira mwana wawo Esinala ali wamng'ono. Ine monga mchimwene wawo wamkulu ndinali mwini mbumba, ndiye kuti nkhani zonse za ana a mchemwali wanga zinkayenera kudzera mwa ine. Esinala atapeza mwamuna, a Agnesi anabwera kunyumba Lachiwiri lina n'kundiuza kuti, "Achimwene, mwana wanu wakula. Kwabwera munthu. Dzina lake Devi, kalipentala, ali ndi shedi yake kwathu komweko ku Matawale. Amalume ake akufuna kudzaonana nanu Loweruka."

Ndinati Loweruka sizingatheke, apite mng'ono wanga Fanuel m'malo mwanga. Akuchimuna anabwera maulendo atatu, onse Loweruka, ndipo onse anawalandira ndi Fanuel. Ine ndinkangomva malipoti. Devi ankafuna kudzandiona Lachiwiri lina, koma tsikulo a Kapito anandiitana kuti ndikagwire m'malo mwa mnzathu amene anadwala. Ndinati palibe vuto, tidzaonana pa chinkhoswe.

Tsiku la chinkhoswe, Loweruka, ndinapempha kuti ndichoke masana alendo akatha kudya. Ndinatsika phiri pa lole ya matabwa, n'kukwera kabaza mpaka ku Matawale, ndikadali mu thalauza lakuda la kuntchito. Ndinapeza anthu atadzaza pabwalo, tenti atakhoma, tambala wa akuchimuna ndi thadzi lathu atamangidwa miyendo pambali. Anandikhazika pa mpando wa nkhoswe wamkulu, Fanuel pambali panga. Ndinamva bwino, ndinakhala ngati nduna.

Kwa inu zidzukulu amene mwina simunaonepo, pa chinkhoswe pamakhala masewera awa. Akuchimuna amabweretsa anyamata angapo atawafunditsa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mkamwini ali pakati pawo. Malume wa mtsikana amaimirira n'kumavundukula mmodzimmodzi, kumakana amene sali iye, anthu akuseka, mpaka atapeza mkamwini weniweni n'kumugwira dzanja. Ndi masewera, koma tanthauzo lake n'lakuti mwini mbumba akunena pamaso pa anthu kuti munthu amene akutenga mwana wathuyu ndikumudziwa.

Anabwera anyamata anayi. Ine mtima unali m'malo. Pa zinkhoswe zimene ndinaonako ndili mnyamata, mkamwini ankamuika kumapeto, ndiye ndinati ntchito yaphweka. Sindinadziwe kuti akuchimunawo anali anthu a nthabwala, amuika wachiwiri. Ndinavundukula woyamba. "Uyu ayi, ndevu sizinamere!" Anthu anaseka. Ndinavundukula wachiwiri, mnyamata wakuda, wa maso ofatsa, akumwetulira mwamanyazi. Ndinamuyang'ana kumutu mpaka kumapazi monga ndinkachitira ndi alendo, n'kunena mokweza kuti, "Uyunso ayi! Ameneyu mwangomutola pa siteji ya kabaza. Mwana wathu sangagwe pamenepa." Bwalo lonse linagwa ndi phwete, amayi mpaka kugwirana mapewa. Ankaganiza kuti ndikusereula mkamwini wanga dala, ndipo ndibwerera kudzamugwira dzanja. Ine ndinamva kukoma kuti ndikusangalatsa anthu. Ndinadutsa wachitatu, n'kufika pa womaliza, wamtali, wa suti yabwino. Ndinamugwira dzanja, n'kulikweza m'mwamba.

"Ndi uyu mkamwini wathu!"

Mayi mmodzi anayamba nthungululu, n'kuidula pakati. Mnyamata wa sutiyo ankayesa kuchotsa dzanja lake mwaulemu. Anali mkulu wake wa Devi, wokwatira kale, mkazi wake ali pomwepo ndi mwana kumbuyo. Malume wa akuchimuna, bambo wachikulire wa chipewa, anaimirira pang'onopang'ono n'kufunsa mofatsa, ndipo kufatsako ndiko kunandipweteka: "Pepani ankhoswe, tingofuna kumva. Mukucheza, kapena mkamwini wanu simukumudziwa?"

Ine amene sindinkaiwala nkhope, ya mkamwini wanga ndinali ndisanaionepo. Fanuel anadzuka msanga, n'kupita kukagwira dzanja la mnyamata wachiwiri uja, amene ndinamutcha wa kabaza. Anthu anawomba m'manja mwa apo ndi apo kuti nkhani ipite. Mwambo unapitirira, tinasinthana nkhuku, koma pamene anamuvundukula Esinala maso ake anali ofiira. Anamva zonse ali m'chitenje.

Anthu atayamba kubalalika, a Agnesi anandikokera kuseri kwa nyumba. Sanakweze mawu. Anati, "Achimwene, alendo a kuphiri mumadziwa ndi masupuni a shuga amene amathira mu tiyi. Mwana amene munamunyamula ali wakhanda akupita kwa munthu amene nkhope yake simunaionepo. Mawa akakamenyana, adzathamangira kwa ndani? Adzadikire Lachiwiri?"

"Achemwali, ndi ntchito."

"Ndikudziwa kuti ndi ntchito, ndipo yatithandiza tonse. Koma tamverani. Ukwati wa kutchalitchi ndi Loweruka loyamba la mwezi wa mawa. Mukadzakhalapo kuyambira m'mawa, unkhoswe ndi wanu. Mukadzatumanso Fanuel, mumusiyire zonse, ndi mbumba yomwe. Sitidzakuvutitsaninso."

Mawu akuti sitidzakuvutitsaninso ndi amene anandiopsa. Ndinali nditawamva kale, osanenedwa, kwa akwaya ndi kwa anzanga a mpira.

Mwezi wotsatira

Ngati kuti wina anachita kukonza, sabata yomweyo manijala wathu, Mayi Mvula, anandiitana mu ofesi. A Kapito anali akupuma ntchito kumapeto kwa mwezi. Anati, "Mpando wa a Kapito ndi wanu, palibe wina. Eni hotela akubwera Loweruka loyamba la mwezi wa mawa ndi alendo awo, phwando lalikulu. Muliyendetse inu, akuoneni, n'kutsimikiza."

Udindo umenewo ndinali nditaudikira zaka makumi awiri. Ndinati, "Madamu, tsiku limenelo ndili ndi ukwati wa mwana wa mchemwali wanga. Ndine nkhoswe."

"Mulibe mng'ono wanu?"

"Alipo."

"Ndiye apite ameneyo. Ukwati ndi maola atatu okha, a Chikopa. Uwu ndi moyo wanu wonse."

Mayi Mvula sanali munthu woipa, ndipo zimene ankanenazo ndi zomwe ine ndinkauza achinyamata kwa zaka zambiri. Ndinapempha kuti ndikaganize. Amayi anu nditawafotokozera anati, "Ine ndinazolowera kukhala wamasiye wa Loweruka. Koma a Agnesi alibe mwamuna, ali ndi inu. Musankhe nokha, ndipo chimene musankhe musadzandidandaulire nacho."

Lachiwiri lotsatira sindinapite ku bawo. Ndinapita ku Matawale, kufunsa shedi ya Devi. Ndinamupeza akupala chitseko. Atandiona anasiya, n'kupukuta manja, n'kugwada pang'ono. Ndinati, "Mkamwini, ndabwera kudzamupepesa wa kabaza uja." Anaseka mpaka kukhala pa benchi. "Amalume, musadandaule. Anzanga mpaka pano akundiitana kuti ndiwaperekeze kumsika." Ndinakhala pa shedipo tsiku lonse, fumbi la matabwa likundilowa m'mphuno. Ndinamva za makolo ake, za mmene anaphunzirira ntchito, za chala chake chachikulu chimene tchizulo inachidula nsonga. Ndinaona mmene analankhulira ndi mayi wina amene anabweza mpando kuti ukugwedera: sanakangane naye, anangoukonza. Pochoka ndinadziwa kuti Esinala wapeza munthu, ndipo ndinadziwanso yankho langa.

Lachitatu m'mawa ndinagogoda pa ofesi. "Madamu, Loweruka lija ine kulibe. Matebulo ndidzawakonza Lachisanu, anyamata ndidzawauza chilichonse, koma Loweruka ndikakhala kutchalitchi."

Mayi Mvula anandifunsa kuti, "Mukudziwa kuti eni ake adzasankha amene adzamuone?"

"Ndikudziwa."

Loweruka limenelo ndinafika ku Matawale tambala atangosiya kulira, nditavala suti yobwereka kwa Che Wadi imene mwini wake sanabwere kudzaitenga. A Agnesi anandipeza nditakhala pakhonde. Anangolowa m'nyumba n'kundibweretsera madzi osamba m'manja ndi tiyi. M'tchalitchi abusa atafunsa kuti nkhoswe ya kuchikazi ndani, ndinaimirira, ndipo mawu anga a besi aja anamveka mpaka kubenchi yomaliza.

Mpando wa a Kapito unapita kwa mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha kunyamula thireyi. Ndinagwira pansi pake zaka zisanu, kumuyankha kuti bwana. Zinkandiwawa, makamaka chaka choyamba, ndipo amene angakuuzeni kuti zoterezi sizipweteka akunama. Koma sindinadandaulepo kwa amayi anu ngakhale kamodzi, ndipo mukhoza kuwafunsa.

Nditakhala mkulu wa mawetala

Mnyamatayo atapita ku hotela ina ku Lilongwe, mpando unabwera kwa ine. Chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kutenga pepala ndi lula. Ndinalemba ndandanda woti wetala aliyense azikhala ndi Loweruka limodzi ndi Lamulungu lake pamwezi, mosinthana, ndipo wa chinkhoswe kapena ukwati wa m'banja azinena msanga, anzake amugwirire. Manijala wa nthawi imeneyo anati alendo avutika. Ndinati, "Bwana, tiyese miyezi itatu. Mlendo mmodzi akadikira supu, pepalali ndidzaling'amba ndekha." Silinang'ambidwe. Ndinapuma ntchito likadali pakhoma la kukhitchini, lathimbirira ndi utsi. Anyamata ankabwerera Lolemba ndi nkhani za mpira ndi za kumudzi, ndipo munthu amene waseka kwawo amatumikira alendo bwino kuposa amene mtima uli kumunsi kwa phiri.

Esinala ndi Devi anabwerako kwa ine ndi milandu yawo, monga mabanja onse. Kawiri konse ndinawakhazika pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yathu. Sanadikire Lachiwiri.

Chaka chathachi

Mwana woyamba wa Esinala, Madalitso, anapeza mwamuna chaka chatha. Esinala alibe mchimwene, ndiye unkhoswe unabweranso kwa ine, nkhalamba yopuma ntchito imene masiku ake onse tsopano ndi Loweruka. Mnyamatayo dzina lake Lonjezo, mphunzitsi. Akwawo atabwera ndinawalandira ndekha, maulendo onse. Iyeyo ndinamuitana kunyumba masiku a Loweruka anayi otsatana, mpaka amayi anu anati ndimutopetsa mwana wa eni. Tinapita limodzi kukaonera mpira, ndinamudya pa bawo, ndinamukweza phiri wapansi kuti ndione ngati amadandaula pokwera. Ndinaona kuti akaima amapotoza phazi lamanzere kuloza kunja, ngati munthu wofuna kuchoka koma ulemu ukumuletsa.

Chinkhoswe chinachitikira pabwalo lomwe lija ku Matawale. A Agnesi tsopano amayenda ndi ndodo, anawakhazika kutsogolo. Devi, imvi zili mbuu, anandinong'oneza pondipatsa moni kuti, "Amalume, magalasi mwatenga? Lero kulibe Fanuel, ali ku Joni." Nkhani yanga ija akuchimuna anali ataimva, chifukwa ku Matawale nkhani siifa. Anabweretsa anyamata asanu ndi mmodzi, ofanana msinkhu, zitenje zofanana, nsapato atawavula onse.

Ndinaimirira. Ena pabwalopo ankaseka chamumtima. Ndinayenda kutsogolo kwa mzerewo manja ali kumbuyo, osakhudza chitenje cha munthu. Pa wachinayi ndinaona phazi lamanzere litaloza kwa aneba. Ndinaima, n'kuika dzanja paphewa pake.

"Lonjezo, vula wekha nsaluyo mwana wanga, kukutentha."

Chitenje chinagwa, ndipo anali iye. Amayi a kuchimuna anadandaula kuti ndawaonongera masewera, anakonzekera kundiseka. Koma mawu awo sanamveke bwino, chifukwa nthungululu yoyamba inali itayamba kale, ya mawu okalamba, onjenjemera, koma osaduka pakati. Anali a Agnesi, ataimirira popanda ndodo.

Yamikani, bwerera ku buku la zithunzi lija, utsegule tsamba lomaliza. Amayi ako anamatapo chithunzi cha tsiku limenelo. Wa jekete la bulawuni amene waima pakatiyo, atagwira dzanja la mkamwini, ndine.